ZENERA LATSOPANO PA MSEU WA KUM'MAWA

Munthu amene akwera basi ku Lusaka m'bandakuca, kulunjika ku Chipata pa mseu waukulu wa kum'mawa, afika pa mlatho wa Luangwa dzuwa litakwera, m'mimba mutayamba kale kulira. Pamenepo agulitsa nsomba zokazinga ndi zouma, madengu ndi mphasa. Itaoloka mtsinje, basi ikwera mapiri okhotakhota, ipitirira Kacholola, nitsikira ku Nyimba, kwao kwa nthoci. Isanaimitsitse, amai afika kale pa mazenera, malicero ali pamutu. Wapaulendo akagula phava limodzi, mai wogulitsa sacedwa kuthyola nthoci zina ziwiri ndi kuziponya m'thumba momwemo, nati, "Iyi ndi mbasela, atate, muyende bwino." Palibe amene wamuumiriza. Phindu lace pa tsiku ndi locepa, ndipo munthu amene wampatsa mbaselayo kapena sadzamuonanso mpaka imfa. Koma apatsa ndithu, cifukwa umo ndimo malonda acitikira kuyambira kale m'dziko la Ansenga: wogulitsa ndiye athokoza wogula.

Wapaulendo yemweyo akatsikira ku Petauke, nalowa m'nyumba yodyera ya magome ofunda nsalu, apeza mwambo wina wosiyana kutali ndi uja. Nayu mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi, wabwera pa boma kudzatapa malipiro ace ku banki, ndipo wati lero lokha mkazi wace apumeko pa moto. Akhala pa gome. Weta awaona bwino lomwe, koma maso ace abwerera ku lamya yace ya m'manja. Papita nthawi yoti munthu nkuphika nsima ndi kuiomola, ndipo pokhapo mnyamata afika, dzanja lina liri m'thumba, nafunsa cimene afuna osapereka moni. Pa pepala la zakudya palembedwa maina 20, koma zopezeka ndi zitatu. Mphunzitsi asankha nkhuku ya kumudzi. Isanabwere, galimoto yoyera ya zilembo pa citseko iima pabwalo, ndipo mutuluka anthu anai a makhadi olendewera m'khosi. Pomwepo nyumba yonse idzuka. Mipando ikokedwa, beseni la madzi ofunda lifika pamodzi ndi sopo ndi thaulo, ndipo mau akuti "abwana" amveka kasanu anthu asanakhale pansi. Nkhuku ija idutsa pamaso pa mphunzitsi kupita ku gome la alendo. Pambuyo pace auzidwa kuti nkhuku yatha, kwatsala nyemba. Nsima ifika itauma pamwamba. Pomaliza, m'mene alipira, mnyamata yemweyo acedwa ndi cenji, akhala ngati aifuna m'matumba onse, kuyembekeza kuti munthu atope, anene kuti, "Sungani."

Sikufunika kuchula dzina la nyumba, pakuti nkhani yotere siicitika m'nyumba imodzi, ndipo wowerenga amene anayendako pa mseu umenewu aidziwa yekha. Cofunika ndi kufunsa cimene cacititsa mwana woleredwa bwino, amene kwao agwada popatsa wamkulu madzi, kuti asanduke wamwano m'mene wabvala shati loyera. Kunena zoona, sanasanduke ai. Ali kuwerengera. Wayesa magome awiriwo pa sikelo, napeza kuti lina lidzasiya kandalama pansi pa mbale, lina silidzasiya. Kandalama kameneka, kamene dzina lace ndi tipu, ndiko muzu wa bvuto lonse. Anthu ambiri ayesa kuti tipu ndi cizindikiro ca kuolowa manja ndi ca citukuko. Koma ndi mwambo woipa, umene unyoza wakudya, unyozanso woperekera cakudya, ndi kulemeretsa munthu wacitatu amene saoneka pa gome, ndiye mwini nyumba.

Ena ati tipu si kanthu kacilendo, popeza kupatsa ndi mwambo wa makolo, ndipo akumbutsa mwambi wakuti kupatsa nkuika. Amene anena tere sanayang'anitsitse kumene mphatso ya makolo inali kucokera ndi kumene inali kupita. Kale, mseu usanalambulidwe, mlendo wofika m'mudzi wa kwa Kalindawalo, kwa Ndake kapena kwa Nyalugwe dzuwa litapendeka anali kukhala pabwalo, ndipo mwana anali kuthamanga ndi madzi m'cikho. Eni mudzi anali kumfunsa malonje atamwa kale. Nsima inali kuphikidwa, ndipo ngati mlendoyo anali wakutali, nkhuku inali kutaya moyo. M'mawa anali kummangira kamba wa panjira, nshawa zokazinga kapena mbatata, ndi kumperekeza mpaka kuseri kwa minda. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Tsono mlendoyo akanayesa kutulutsa ndalama ndi kuiika pa mphasa, cikanakhala citonzo cacikulu, monga kunena kuti eni mudzi ndi ogulitsa madzi. Mphatso inali kucokera kwa amene ali pakhomo pace kupita kwa amene ali paulendo. Mbasela ya ku Nyimba ndi mdzukulu wa mwambo umenewo. Tipu iyenda cammbuyo: mlendo ndiye agula nkhope yosekerera, ndipo amene alibe cogulira aona nkhope ina.

Mwambo wa tipu unadza ndi Azungu, ndipo oyamba kuudziwa anali amuna amene anacoka m'midzi ya kum'mawa kukafuna ndalama za msonkho. Ena anatsikira ku Feira naoloka Zambezi kunka ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena analowera ku migodi ya mkuwa, ndipo ambiri anagwira nchito ya ukhukhi ndi ya uweta m'nyumba za adona ndi m'mahotela. Kumeneko anaphunzira kuti munthu wa imvi angathe kuitanidwa kuti "boyi", ndi kuti bwana akakhuta aponya tiki kapena sikisipensi pa mbale, ndipo woponyeredwayo ayenera kuwerama. Ndalama imeneyo siinali kupita kwa munthu wofanana naye. Mzungu sanali kusiyira tipu dokotala wace kapena loya wace. Tipu itsika, siikwera. Ndipo pakutsikapo iuza wolandira kuti malo ace ndi a pansi.

Apa mpoyenera kukumbutsa za zenera, popeza ana a sukulu a lero sanalione. M'masiku a Northern Rhodesia, m'masitolo ambiri ndi m'mabuchala a m'matauni, munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pa khomo. Anali kuima pa mzere kuseri kapena pambali pa nyumba, ndi kugulira pa kazenera, kulandira nyama yokulunga kale imene sanaisankhe. Ndalama yace inali yofanana ndi ya Mzungu, koma iye mwini sanayesedwe wofanana. Mu 1954 cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi Harry Nkumbula, cinauza anthu kuti aleke kugula m'mabuchala a mu Lusaka, ndipo Kenneth Kaunda analeka kudya nyama cifukwa ca manyozo amene anthu akuda anali kulandira pa mazenera amenewo. Mu 1957 anthu awiri omwewa analowa m'nyumba yodyera ya Azungu ku Kitwe kufuna cakudya. Anauzidwa kuti maboyi sagulira m'menemo, ndipo Kaunda anatulutsidwa mwa ciwawa. Iye mwini anailemba nkhaniyi m'buku lace la Zambia Shall Be Free, limene linasindikizidwa mu 1962. Lamulo loletsa kusankha mtundu m'nyumba zodyera, m'mahotela ndi m'nyumba za kanema linayamba kugwira nchito mu September 1960, ndipo pa masiku oyamba ku migodi kunali ndeu pa makomo, pakuti Azungu ena sanafune kuona munthu wakuda atakhala pa mpando ndi kapu ya tiyi m'manja. Mpando umene mphunzitsi wa ku Petauke wakhalapo sunapezeke mwaulere. Anthu anamenyedwa cifukwa ca iwo.

Zenera lija linatsekedwa, ndipo mu 1964 dziko linalandira ufulu. Koma mphunzitsi ameneyu, m'mene aona nkhuku yace iri kupita ku gome lina, angathe kufunsa ngati linatsekedwadi. Kale zenera linali pa khoma, loonekera kwa onse, ndipo anthu anatha kuima patsogolo pace ndi kulikana. Tsopano lasamukira m'diso la weta. Liyang'ana nsapato, liyang'ana makiyi a galimoto, limvetsera Cizungu ca munthu, ndipo, cocititsa manyazi koposa, liyang'anabe khungu. Mlendo woyera wopita kukaona nyama ku Mfuwe, ngakhale atabvala kabudula wong'ambika, alandiridwa ndi manja awiri, pamene mlimi wa thonje, amene m'thumba mwace muli ndalama za zokolola za caka conse, aima pakhomo cipewa ciri m'manja. Zenera lakale analiika ndi acilendo. Latsopanoli alisunga ndi mwana wa m'mudzi momwemo, amene kapena anaphunzira kuwerenga pa mapazi a mphunzitsi yemwe ali kumcedwetsayo.

Okwera basi aona mtundu wina wa bvuto lomweli. Kuyambira m'masiku a mabasi a Thatcher Hobson, pamene mseu unalibe phula ndipo Chipata inali Fort Jameson, kufikira lero, wapaulendo ndi munthu wosatha kudikira. Basi iima kanthawi, anthu athamangira m'nyumba yodyera, munthu apereka K100 pa cakudya ca K70, ndipo wolandira ndalama ati apita kukasintha. Dalaivala aliza hutala kaciwiri, kondakitala afuula, ndipo wapaulendo ayenera kusankha pakati pa K30 yace ndi katundu wace amene ali m'basi. Iyi ndi tipu yolanda. Mai wa nthoci ali panja pa khomo lomwelo, ndipo iye athamangira basi iri kuyenda kuti aponye cenji pa zenera.

Komabe kungakhale kulakwa kutula mlandu wonse pamutu pa mnyamata wa shati loyera. Iye ali ngati mbuzi yomangidwa ndi cingwe cacifupi, imene idya pamene ifika. Ayamba nchito nkhuku zisanatuluke m'khola, akolopa, asenza makreti, aimirira tsiku lonse, naweruka usiku akumwa mowa atatopa. Mwezi ukatha, kawirikawiri malipiro ace sakwanira lendi ndi thumba la ufa, ndipo mbale ikasweka aidula pa malipiro omwewo. Tsiku limene analembedwa nchito, mwini nyumba anamuuza kuti, "Ndalama ndi zocepa, koma alendo adzakuonako." M'mau amenewa ndimo mwagona cinyengo. Mwini nyumba watenga ngongole yace, waisenzetsa mlendo. Pakuti malipiro si mphatso ai. Ndi ngongole, imene wolemba nchito ayenera kubweza mwezi uli wonse, alendo aculuke kapena acepe, akondwe kapena akwiye. Namwino wa ku Minga kapena ku Nyanje sayembekeza kuti wodwala amponyere kanthu kuti ampatse mankhwala. Mmisiri womanga nyumba apangana mtengo asanaike njerwa. Nanga weta walakwanji kuti cakudya ca ana ace cidalire kukondwa kwa munthu woledzera?

Amene ayesa kuti tipu ndi citukuko ayang'ane ku America, kumene mwambowu wakula koposa. Ukapolo utatha mu 1865, kampani ya Pullman, imene inali ndi ngolo zogonamo pa njanji, inalemba nchito anthu akuda ambirimbiri, ena a iwo omasulidwa kumene, ndi kuwapatsa malipiro ocepa, kuti cotsala acipeze m'manja mwa okwera. Anthu ena a kumeneko anaona kuipa kwace, kotero kuti kuyambira mu 1909 zigawo zingapo za dzikolo zinapanga malamulo oletsa tipu, koma pofika mu 1926 malamulo onsewo anali atafafanizidwa. Mu 1991 boma lalikulu la dzikolo linaika madola 2.13 pa ora monga malipiro ocepetsetsa amene mwini nyumba apatsa wanchito wolandira tipu, ndipo zinapita zaka zoposa 30 ciwerengero cimeneco osasuntha. Wakudya kumeneko ayembekezedwa kuonjezapo magawo 15 kapena 20 pa 100, ndipo akapanda kutero weta ndiye apita kunyumba m'thumba mopepuka. Ku Japan nkosiyana. Kulibe tipu, ndipo mlendo akasiya ndalama pa gome wanchito amthamangira nayo, kuyesa kuti waiwala. Koma ulemu wa m'nyumba zodyera za kumeneko ndi wochuka pa dziko lonse. Ku Britain anacita kupanga lamulo, limene linayamba pa 1 October 2024, lokakamiza eni nyumba kupereka tipu yonse kwa anchito, cifukwa ena anali kutapako.

Cozizwitsa ndi cakuti dziko la Zambia linaona kale bvuto limeneli ndi kupeza mankhwala ace, koma mankhwalawo agona m'kabati. Kuyambira m'masiku a Kaunda boma silinakonde tipu m'mahotela, ndipo m'malo mwace munalowa ndalama ya utumiki yolembedwa pa bilu, imene pa Cizungu aicha service charge. Lamulo la Tourism and Hospitality Act la 2015 linanena momveka, ngakhale kwa mwana wa Giredi 7. Nyumba yogona alendo ndi nyumba yodyera ziyenera kuonjeza ndalama imeneyi pa bilu, ndipo muyeso wace unaikidwa pa K10 pa K100 iri yonse. Ndalamayo si ya mwini nyumba. Iyenera kugawidwa mofanana kwa anchito onse, kupatula akuluakulu oyang'anira. Ikalipidwa, munthu sakakamizidwa kupereka tipu ina, ndipo mwini nyumba ayenera kupacika cidziwitso conena zimenezi pa malo olipirira. Nzeru ya lamuloli iri pa mau akuti mofanana. Tipu ipita kwa amene aonekera, wa nkhope yosalala ndi wa Cizungu cothyakuka. Koma nsima yabwino saphika ndi iye. Aphika ndi mai wa kukhichini amene aima pa utsi kuyambira m'mawa. Mbale atsuka ndi mtsikana amene alendo sadziwa nkhope yace. Galimoto zoyera zija alonda ndi nkhalamba ya m'jasi, usiku wonse wa mphepo ya June. Onsewa tipu iwadumpha. Ndalama ya utumiki iwafikira onse, ndipo siifunsa ngati wakudya anali mphunzitsi kapena nduna.

Kuwerengera kwace nkosabvuta. Nyumba imene yagulitsa cakudya ndi zipinda za K60,000 pa mwezi yasonkhanitsa K6,000 ya utumiki. Ngati anchito ali 10, yense ayenera kupeza K600 pamwamba pa malipiro ace, osati m'malo mwa malipiro. Tsono wowerenga ayese kucita cinthu cimodzi. Tsiku lina akadya m'nyumba yotere, nalandira bilu imene palembedwa 10%, afunse weta mwakacetecete kuti, "Kodi mkwasu, ndalama iyi muiona?" Ayang'ane nkhope yace asanayankhe. Alipo eni nyumba oongoka mtima amene agawa mwezi ndi mwezi ndi kuonetsa anchito buku, ndipo amenewo ayenera ulemu. Koma alipo ena amene alemba 10% pa bilu ndi kuiika m'thumba limodzi ndi phindu. Ena aidula pa matambula osweka kufikira yatha. Ena salemba bilu konse, kuti pasakhale cofunsa. Cidziwitso cija ca pa khoma sicioneka kawirikawiri, ndipo cifukwa cace sicifuna wa ula kuti aombeze. Motero wakudya alipira kawiri, poyamba cifukwa ca lamulo, kaciwiri cifukwa ca manyazi, pamene weta alandira kamodzi kokha. Kuba kotere nkoipa kuposa kwa wothyola nkhokwe usiku, pakuti uyu aba masana, ndiponso aba m'dzina la anthu omwe ali kuwabera.

Pali ena amene ati popanda tipu weta adzagona pa nchito. Kodi amai a pa msika wa Petauke, amene aphika nsima m'tinyumba ta malata, awapatsa tipu ndani? Komatu kumeneko munthu asanakhale pansi madzi osamba m'manja afika kale, ndiwo zotendera ziikidwa zosefukira, ndipo nsima ikacepa mtanda wina ubwera wopanda mtengo. Mai ameneyo afulumira cifukwa phindu ndi lace, ndiponso adziwa kuti mnyamata wa njinga amene wadya bwino lero adzabwera mawa ndi anzace awiri. Cimene cifulumizitsa munthu ndi kudziwa kuti thukuta lace limbwezera, osati kuponyeredwa. Ndiponso tipu iperekedwa cakudya citadyedwa kale. Siingathe kutenthetsa nsima imene inafika yozizira. Cimene icita ndi kuphunzitsa weta kulosera, ndipo kulosera kwace kukwanira nthawi zonse, cifukwa akukwaniritsa yekha: amene wamuyesa waumbombo amcedwetsa, wocedwetsedwayo acoka wokwiya osasiya kanthu, ndipo weta auza mnzace kuti, "Suja ndinanena?"

Enanso ati, "Mwanayo ndi wosauka, kumpatsa K10 kulakwa kwace nkuti?" Cifundo si colakwa, ndipo munthu amene wakondweradi ndi utumiki sayenera kumangidwa manja. Koma cifundo cimene cilowa m'malo mwa cilungamo ndi mphatso kwa mwini nyumba, pakuti K10 iri yonse imene mlendo asiya imcotsera cifukwa cokwezera malipiro. Ndiponso mphatso imene munthu akaimana acitidwa cipongwe yaleka kukhala mphatso. Yasanduka msonkho, ndipo wokhometsa wace alibe risiti.

Akudya naonso ali ndi mlandu wao, makamaka ophunzira. Alipo akalaliki ndi akuluakulu a m'maofesi amene akalowa m'nyumba yodyera aimba mluzu, aliza zala, aitana munthu wamkulu kuti "iwe", ngati kuti analowa ufumu wa bwana uja wa tiki. Ambuye ao anamenyedwa pokana mau akuti "boyi", ndipo iwo awatola pamene Mzungu anawataya. Munthu wotere ayesa kuti K20 imene adzasiya yamgulira ufulu wa kutukwana. Coopsa koposa cigwera atsikana. Mtsikana amene watsiriza Giredi 12, wosowa ndalama zopitira ku koleji, alowa nchito pa loji, ndipo sacedwa kuzindikira kuti ndalama yosiyidwa pansi pa mbale nthawi zina ibwera pamodzi ndi nambala ya cipinda. Akakana, mlendo adandaula kwa manijala kuti mtsikanayo ndi wamwano. Akanakhala ndi malipiro okwanira ndi gawo lace la utumiki losadalira munthu mmodzi, akanatha kunena kuti "iai" ndi mau okweza. Tipu imcititsa kuyamba wawerengera mtengo wa "iai" ameneyo.

Ndipo nthendayi siithera pa gome. Mwana amene waphunzira kuti nchito imene alipidwa kale iyenera kulipidwanso ndi munthu woima patsogolo pace, akasamukira pa ofesi apita nayo nzeru yomweyo. Kumeneko dzina lisintha: aicha "ya madzi", "ya lanchi", kapena "kangacepe". Mapepala a mai wamasiye agona pansi, a munthu amene wasiya kanthu akwera pamwamba, monga umo nkhuku ya mphunzitsi inasinthira gome. Ati tipu isiyana ndi ciphuphu cifukwa iperekedwa pambuyo, pamene ciphuphu citsogola. Koma kwa munthu amene adya m'nyumba imodzimodzi sabata ndi sabata, ndalama imene wasiya lero iri kugula mbale ya mawa.

Anyamata ndi atsikana amene ali kutuluka m'sukulu za ku Petauke ndi ku Nyimba adzaima mbali zonse ziwiri za gome, ena ndi thireyi m'manja, ena ndi bilu. Wolowa nchito afunse pa tsiku loyamba kuti malipiro ndi angati, napemphe kuti alembedwe pa pepala. Afunsenso za ndalama ya utumiki, tsiku lace logawa ndi buku lace. Akakanizidwa, ofesi ya boma yoona za anchito iripo, bungwe la anchito a m'mahotela liriponso, ndipo anthu 10 ofunsa pamodzi sacotsedwa msanga ngati mmodzi. Wakudya apereke moni, aitane weta monga aitana mbale wace, aitanitse bilu yolembedwa ndi kuiwerenga mzere ndi mzere. Ngati pali 10%, walipira zonse, ndipo cenji ndi yace kufikira ngwee yotsiriza. Aitenge osacita manyazi. Ngati pa khoma palibe cidziwitso, aitane mwini nyumba, osati weta, ndi kumfunsa mwa ulemu kumene ciri. Eni nyumba aopa funso limeneli koposa kukalipa, cifukwa lifunsidwa anchito ali kumva.

Mphunzitsi uja sanafunse kanthu. Anadya nyemba zace, anadikira cenji kufikira weta anaipeza m'thumba lacitatu, naiwerenga pamaso pace. Mkazi wace sananene mau kufikira atafika pokwerera basi, pamene anati mwezi wa mawa adzadyera ku msika. Ndipo mnyamata wa shati loyera, pocotsa mbale pa gome la abwana anai aja, anatukula mbale iri yonse osapeza kanthu, pakuti bilu yao inalembedwa pa dzina la bungwe, kuti idzalipidwe ndi ceke mwezi ukatha.